Mmene mungayendere nokha m'nkhalango ya Gila ku New Mexico

Mukauza achibale kuti mukupita kutchire masiku atatu muli nokhanokha, kopanda maliro, kopanda ukwati, kopanda amene mukukamuona, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi mwayambana ndi ndani?" Kwathu munthu wofuna kukhala payekha timamudera nkhawa. Koma amene anakhalapo m'mizinda ya ku America, kugwira mashifiti awiri patsiku, foni ikulira usana ndi usiku, amadziwa njala ina imene nsima siithetsa: kufuna malo oti khutu lipumeko.

Malo otero alipo kummwera chakumadzulo kwa New Mexico. Ndi Gila National Forest, ndipo eni dera amatchula kuti "Hila". Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 13,000, ndiye kuti mutenge paki ya Nyika kanayi. M'katikati mwake muli Gila Wilderness, dera limene boma la America linalipatula pa 3 June 1924 potsatira pempho la Aldo Leopold, yemwe ankagwira ntchito ya zankhalango, kuti musadzalowe msewu. Linali dera loyamba kupatulidwa motero m'dzikomo. Mpaka lero simulowa galimoto, njinga yamoto ngakhale yakapalasa.

Mumve bwino apa. Ku Mulanje mumapeza wokutsogolerani pa Likhubula, anyamata onyamula katundu, ndi mlonda pa kanyumba ka pamwamba amene amakukolezerani moto. Ku Gila zonsezo kulibe. Bata limene mukulifunalo ndi lomwelo limene lidzakhalepo mukabzungunyuka bondo. Malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Yambani ndi kalendala

Dzikoli ndi chipululu, koma chipululu cha pamwamba. Tauni ya Silver City, pomwe ambiri amayambira, ili pa mamita pafupifupi 1,800, ndipo phiri lalitali la m'nkhalangomo, Whitewater Baldy, limafika mamita 3,320, kuposa Sapitwa. Choncho masana dzuwa limawotcha ngati ku Nchalo, usiku n'kuzizira kuposa ku Dedza mu June.

March ndi April chipale chofewa cha m'mapiri chimasungunuka, mitsinje n'kudzaza madzi ozizira koopsa. Poti njira zambiri zimadutsa mumtsinje, nyengoyi si ya woyamba kumene. May ndi June kumakhala gwa, mphepo yambiri, ndipo ndi nthawi ya moto wolusa. Mu 2012 moto wa Whitewater-Baldy, womwe unayamba ndi mphezi, unatentha masikweya kilomita oposa 1,000, ndipo mu 2022 moto wina wotchedwa Black Fire unapsereza dera lalikulu kuposa pamenepo m'mapiri a Black Range chakummawa. Kuyambira July mpaka chapakati pa September kumagwa mvula ya mabingu, kawirikawiri masana, ndipo makwawa amasefukira mwadzidzidzi.

Ine ndimasankha kumapeto kwa September mpaka October. Mvula imakhala itadula, madzi mumtsinje atatsika, masamba a mitengo ya m'mbali mwa madzi atasanduka achikasu. Vuto lake ndi limodzi: ndi nyengo ya alenje a mfuti osaka agwape ndi elk, nyama yaikulu ya mtundu wa gwape. Gulani chipewa kapena kamalaya ka olenji wowala kuti mlenje akuonereni patali. Ndipo ngati n'kotheka pitani pakati pa sabata. Lachiwiri ndi Loweruka zimasiyana ngati kumunda ndi kumsika.

Imbirani a zankhalango musanagule tikiti

Ofesi yaikulu ya nkhalangoyi ili ku Silver City, ndipo ofesi yoyang'anira dera la Wilderness ili ku Mimbres. Manambala awo ali pa intaneti. Imbani, ndipo mufunse zinthu zinayi: kodi madzi mumtsinje afika pati, kodi pali lamulo loletsa kusonkha moto, kodi njira imene mwasankha ndi yotsegula, ndipo kodi akasupe a m'njiramo ali ndi madzi. Funso lomalizali musalidumphe. Mapu amaonetsa kasupe ndi kachizindikiro kabuluu chaka chonse, pamene pamalopo mwina patsala fumbi ndi ndowe za nyama.

Kuyenda ndi kugona m'kati mwa Gila Wilderness sikufuna chilolezo kapena kulipira. Lamulo la moto ndiye limasinthasintha. Akalengeza gawo loyamba la chiletso, moto wa nkhuni umaloledwa m'malo ogona okonzedwa ndi boma okha. Akafika gawo lachiwiri umaletsedwa paliponse, n'kutsala kasitovu ka gasi kokhala ndi pozimitsira. Kukauma mopitirira amatha kutseka nkhalango yonse.

Gulaninso mapu a pepala a Gila Wilderness ndi kampasi, ndipo muphunzire kuziwerenga muli pakhomo. Mapu a pafoni ndi abwino, muwatsitsiretu kuti azigwira popanda netiweki, koma batire ikazizidwa imatha msanga.

Sankhani njira ya saizi yanu

Kwa woyamba, ndimalangiza ulendo wa masiku atatu woyambira pa TJ Corral, pafupi ndi Gila Cliff Dwellings, nyumba zamakedzana za m'mapanga. Njira nambala 729 imakwera pang'onopang'ono m'tchire la mitengo ya juniper ndi mapaini aafupi, kenako n'kutsetserekera mu Little Bear Canyon, khwawa lopapatiza moti malo ena makoma a miyala amangotsala pang'ono kukumana pamwamba panu. Mukayenda makilomita 6 kapena 7 mumatulukira pa Middle Fork, umodzi mwa mitsinje itatu imene imakumana n'kupanga mtsinje wa Gila. Mukalowera kumtunda makilomita ena atatu, n'kuwoloka mtsinje ka 15 kapena kuyandikira apo, mumafika pa Jordan Hot Springs, dziwe la madzi ofunda lobisika m'mitengo.

Tinene chilungamo: pa Jordan si pobisika kwenikweni. Loweruka mumapezapo matenti angapo. Ngati mwabwerera bata, sambani, pumulani, kenako pitirirani kumtunda cha ku The Meadows. Anthu ambiri amathera padziwe paja, ndipo mukangodutsa mapindi awiri atatu a mtsinje mapazi a anthu pamchenga amayamba kuchepa. Pobwerera mukhoza kutsata Middle Fork kutsika mpaka ku ofesi ya alendo m'malo mokwereranso Little Bear, koma mukonzekere kuwoloka kambirimbiri ndi kuyenda pamsewu pang'ono kuti mukafike pa galimoto. Mtsinje wa West Fork, womwe njira yake nambala 151 imayambira pa Cliff Dwellings pomwepo, ndi wina wabwino.

Powerengera nthawi musatengere mmene mumayendera mumsewu. Mumtsinje, muli ndi chikwama kumsana, makilomita awiri pa ola ndi liwiro labwino ndithu. Palinso mitengo yogwa. Poti lamulo la 1964 loteteza madera otere limaletsa makina, okonza njira sagwiritsa ntchito macheka a injini; amadula ndi sowo ya anthu awiri, wina uku wina uku, ngati ocheka matabwa akale ku Chikangawa. Ndiye m'madera amene munapsa, mtengo ukagwa panjira umatha chaka uli pomwepo, ndipo inu mudzaukwera kapena kukwawa pansi pake.

Siyani uthenga kwa munthu wosaiwala

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo ngati muli ndi mnzanu wodziwa kukhala chete, mutengeni. Mukasankha kupita nokha, mnzanu wachiwiriyo akhale amene watsala kunyumba ndi pepala. Mulembereni dzina la pomwe mukasiye galimoto, mtundu ndi nambala ya galimotoyo, manambala a njira, komwe mukagone usiku uliwonse, tsiku ndi ola lotulukira. Kenako mulembe ola lina, lomwe mukapanda kumuimbira ayimbe 911 n'kunena kuti munthu wasowa ku Gila, New Mexico. M'chigawochi ntchito yofunafuna osowa imayendetsedwa ndi apolisi a State Police.

Musapatse ntchitoyi munthu waulesi poyankha foni, ngakhale akhale mlongo wanu. Ndipo mukalemba njira, itsateni. Kusintha maganizo muli m'tchire kumachititsa kuti okufunani akayambire kolakwika.

Netiweki imathera chakumtunda kwa Pinos Altos, mphindi zochepa kuchoka mu Silver City. Kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, monga Garmin inReach, n'kodula koma kwa woyenda yekha ndimakaika patsogolo pa tenti yapamwamba. Mafoni a iPhone kuyambira 14 amathanso kuitana chithandizo pa setilaiti, ngakhale kuti m'khwawa lakuya, momwe thambo limaoneka ngati kansalu, uthenga umavuta kutuluka.

Kulongedza

Pa nsapato ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo inenso ndinalakwitsa. Ulendo woyamba ndinavala majombo olemera osalowa madzi. Pa kuwoloka koyamba ndinakhala pansi, kuvula, kuwoloka, kupukuta mapazi, kuvalanso. Pofika kachisanu dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinangolowa nawo m'madzi. Jombo yosalowa madzi ikadzaza siitulutsanso madziwo. Ndinayenda tsiku lonse ngati ndamangirira zidebe ziwiri kumapazi. Valani nsapato zopepuka zothamangira, zogwira bwino pansi, zoti madzi alowe n'kutuluka. Masokosi akhale a ubweya, ndipo peyala imodzi muisunge m'pulasitiki kuti ikhale yogonera yokha basi.

Zovala za thonje, majinzi makamaka, zisiyeni m'galimoto. Zikanyowa siziuma ndipo zimakuyamwani kutentha. Tengani malaya a manja aatali opepuka, chipewa cha khonde, juzi, jekete yamvula, chisoti chaubweya ndi magolovesi. Chikwama chogonamo chikhale chopirira kuzizira kofika madigiri 5 kapena kuposerapo kunsi kwa ziro, ndi kamatiresi koyala pansi, chifukwa nthaka ndiyo imaba kutentha kuposa mphepo. Ku America amayeza ndi Fahrenheit: mukaona 32 ndiye kuti madzi akuundana. Mtunda ndi mamailosi, mailosi imodzi makilomita 1.6, ndipo galoni ndi malita 3.8.

Khungu lakuda nalo limapsa pamwamba ngati apa, milomo imang'aluka. Mafuta oteteza kudzuwa ndi Vaseline musasiye. Onjezani tochi ya pamutu, mabatire apadera, machesi m'pulasitiki, wezulo, mpeni, chingwe cha mamita 15, bandeji, pulasitala wa matuza, ndi mapaketi angapo a mchere ndi shuga ngati Thanzi ORS. Ndodo ziwiri zoyendera si zaukalamba ayi. Pamiyala yoterera ya mumtsinje zimakusandutsani nyama ya miyendo inayi.

Zakudya zikhale zopepuka ndi zopsa msanga: phala la oats, chiponde, mtedza, zipatso zouma, tiyi, supu wa m'paketi. Pamwamba madzi amawira asanatenthe kwambiri, ndiye mpunga ndi nyemba zimachedwa n'kumaliza gasi. Ofuna nsima atenge kaufa kochepa ka tsiku limodzi, koma akumbukire kuti poto wa nsima amafuna madzi ambiri potsuka. Timabotolo ta gasi saloleza m'ndege. Mukagule ku Silver City.

Msewu

Mabwalo a ndege aakulu apafupi ndi El Paso, Tucson ndi Albuquerque. Kuchokera ku El Paso kukafika ku Silver City ndi makilomita pafupifupi 250: msewu wa I-10 mpaka ku Deming, kenako US 180 kulowera kumpoto. Basi yolowa m'nkhalango kulibe, ndiye galimoto ya hayala ndi yosapeweka. Werengani pangano lake, chifukwa makampani ambiri salola galimoto zawo m'misewu yafumbi. Mwayi wake, msewu wa NM 15 wopita ku Cliff Dwellings ndi watala mpaka kumapeto.

Gonani usiku umodzi ku Silver City kuti thupi lizolowere mpweya wa pamwamba, makamaka ngati mukuchokera kumalo otsika ngati Houston kapena Indiana. Thirani petulo thanki idzaze, gulani magaloni awiri kapena atatu a madzi osiya m'galimoto. Kuchoka apo mpaka ku Cliff Dwellings ndi makilomita 70 okha, koma muwerengere maola awiri. Msewuwo ndi wopapatiza, wokhotakhota kuposa wa Golomoti, ndipo mbali ina ulibe mzere pakati. Kwa ife amene tinaphunzira kuyendetsa kumanzere, apa ndi pomwe dzanja limabwerera ku chizolowezi chakale: pakona popanda mzere, popanda galimoto ina yokukumbutsani. Dziuzeni mokweza kuti "kumanja" pa kona iliyonse, palibe amene akusekeni. Galimoto zazitali ndi zokoka ngolo zimadzera NM 35 ya ku Mimbres. Musayende usiku, nyama zimadumphira mumsewu.

Chakumapeto kuli kamudzi ka Gila Hot Springs komwe kuli sitolo yakale ya Doc Campbell's Post. Ndi pomaliza kugula chimene mwaiwala.

Musanalowe m'tchire, perekani ola limodzi ku Gila Cliff Dwellings. Ndi nyumba zamiyala, zipinda pafupifupi 40 m'mapanga asanu, zomangidwa ndi anthu amene akatswiri amawatchula kuti a Mogollon chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, omwe anachokapo cha m'ma 1300. Madenga a mapangawo ndi akuda ndi mwaye, ndipo mitengo ina imene anamangira ikadalipo. Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'mbali mwa mtsinje, munda womwe agogo anu akanauzindikira. Pulezidenti Theodore Roosevelt anateteza malowa mu 1907. Pambuyo pa a Mogollon derali linali la Aapache, ndipo mtsogoleri wawo wotchuka Geronimo ankati anabadwira kumene mtsinje wa Gila umayambira. Mukapeza phale la mbiya kapena mutu wa muvi m'tchiremo, yang'anani n'kusiya pomwepo. Kutola ndi mlandu.

Madzi: akusowa, kenako akuchuluka

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mpweya wa kuno ndi wouma moti thukuta limauma musanalione, ndiye mumaganiza kuti simukutaya madzi. Werengerani malita anayi patsiku, kuposerapo kukatentha. Yang'anani mkodzo: ukayamba kuoneka ngati tiyi, mwachedwa kale. Mutu ukayamba kuwawa, khalani pamthunzi, imwani, idyani kanthu ka mchere.

Mumtsinje madzi ndi osasowa, koma mukangokwera pamtunda pakati pa mitsinje iwiri mukhoza kuyenda tsiku lonse osaona dontho. Dzazani mabotolo onse musanachoke pamtsinje, ngakhale chikwama chilemere. Ndipo ngakhale madzi aoneke oyera ngati galasi, musamwe osasefa. Muli tizilombo monga giardia tomwe timatsegula m'mimba patapita sabata kapena kuposerapo. Gwiritsani ntchito sefa ya m'manja, kapena wiritsani mphindi imodzi. Pamwamba popitirira mamita 2,000, mphindi zitatu.

Powoloka, masulani lamba wa m'chiuno wa chikwama kuti mukagwa muchivule msanga. Yang'anani kumtunda komwe madzi akuchokera, sunthani phazi limodzi pamene ndodo ndi phazi linalo zakhazikika. Sankhani potambalala pomwe madzi akuyenda mwaphokoso koma osaya, osati popapatiza pomwe ali zii. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, bwererani. Palibe dziwe lofunda loyenera moyo wa munthu.

Tsono madzi saiwala khwawa. Amene anakulira m'munsi mwa mapiri a Mulanje ndi Zomba amadziwa napolo, ndipo kuno zimachitika chimodzimodzi. Mvula ikhoza kugwa kutali kumtunda, inu muli padzuwa, madzi n'kutsika ndi matope, miyala ndi zitsa. M'madera amene munapsa zimanyanya, chifukwa nthaka yopserera siimwa madzi. Zizindikiro zake: mtsinje woyera kuyamba kuda, timitengo ndi masamba kuyandama mochuluka, mkokomo ngati wa lole ikubwera chakumtunda. Mukaona chimodzi mwa izi kwerani pamtunda nthawi yomweyo, osathamangira kumunsi kwa khwawa, madzi amathamanga kuposa inu. Little Bear Canyon musalowemo kumwamba kukachita mdima, chifukwa malo ena mulibe pokwerera. M'nyengo ya mabingu nyamukani m'mamawa kuti pofika masana mukhale mutatsika pazitunda, kutali ndi mtengo woima pawokha.

Za akasupe otentha, lamulo ndi limodzi ndipo si lamasewera: musamize mutu. M'madzi ofunda otere mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, komwe kakalowa m'mphuno kamakafika ku ubongo. Sizichitika kawirikawiri, koma amene kawalowa ambiri sachira. Khalani m'madzi mpaka m'khosi, nkhope ikhale kunja. Kasupe wina, Lightfeather, yemwe ali pafupi ndi poyambira njira ya Middle Fork, amatuluka otentha moti akhoza kukuwaulani. Anthu amasamba m'timaiwe ta miyala momwe asakanikirana ndi a mumtsinje. Yesani ndi chala kaye.

Eni nkhalango

Njoka ya rattlesnake ili ndi ulemu wake: nthawi zambiri imachenjeza. Mchira wake umalira ngati maseche ouma. Mukamva, imani, onani komwe ili, bwererani m'mbuyo n'kuilambalala patali. Musapise dzanja pansi pa mwala kapena kuseri kwa chipika musanayang'ane. Ikakulumani, zakwathu zija zotema mphini, kuyamwa ndi kumanga chingwe zisiyeni, zimangowonjezera vuto. Vulani mphete ndi wotchi, khalani phee, dinani batani la chithandizo pa kachipangizo ka setilaiti kaja.

Zimbalangondo zakuda zilipo, ndipo chimene zimafuna ndi chakudya chanu. Madzulo ikani zakudya zonse, zinyalala, mankhwala otsukira mano ndi chilichonse chonunkhira m'thumba, n'kulipachika panthambi mamita atatu kapena anayi kuchoka pansi, kutali ndi thunthu, komanso kutali ndi tenti. Kuponya chingwe panthambi kumaoneka kophweka mpaka mutayesa mumdima, ndiye chitani kukadali kowala. Mukakumana ndi chimbalangondo kapena mkango wa m'mapiri, musathawe. Imani chilili, kwezani manja, lankhulani mokweza, bwererani pang'onopang'ono mukuyang'ana nyamayo.

Mulinso tinyama tonga nguluwe totchedwa javelina, toyenda m'magulu, tosaona bwino, tipatseni njira. Mimbulu ya mtundu wa Mexican gray wolf, yomwe inatsala pang'ono kutheratu, anayamba kuibwezeretsa m'mapiri a m'malire a Arizona ndi New Mexico mu 1998, ndipo tsopano ina imakhala mu Gila. Kuiona n'kwapatali. Mu September ndi October chomwe mudzamve usiku ndi elk yamphongo ikuitana zazikazi, kulira kopyapyala ngati mluzu komwe kumathera m'kubuula. Ulendo woyamba kumva ndinadzuka n'kugwira tochi ndi manja awiri.

M'mbali mwa mitsinje muli kachitsamba kotchedwa poison ivy, ka masamba atatuatatu, koyabwa ngati chitedze koma matuza ake amatha masabata. Kaoneni chithunzi chake musananyamuke, ndipo valani buluku lalitali.

Pogona

Yambani kufuna malo kukadali maola awiri dzuwa lisanalowe, chifukwa m'khwawa mdima umafika msanga. Khomani tenti pamalo okwera, osati pamchenga wa m'mphepete mwa madzi ngakhale ukhale wosalala bwanji. Yang'anani zinyalala zimene madzi anasiya m'nthambi. Pomwe zafika ndi pomwe mtsinje unafika. Yang'ananinso kumwamba: mtengo wouma kapena wopserera ukhoza kugwa usiku kukachita mphepo. Ngati pali pomwe ena anagonapo kale, gonani pomwepo m'malo molambula patsopano.

Chimbudzi ndi dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, mamita 60 kuchoka pamadzi ndi panjira, n'kukwirira. Mapepala muwaike m'pulasitiki n'kutuluka nawo. Kouma ngati kuno saola, ndipo kuwatentha kwayambitsapo moto wolusa. Sopo asalowe mumtsinje, tungani madzi mukatsukire patali. Mumitsinje ya kumtunda muli nsomba ya Gila trout imene boma lakhala likuyesetsa kuiteteza kwa zaka zambiri.

Moto ukaloledwa, ukhale waung'ono, wa tinkhuni totola pansi, pamalo pomwe ena anasonkhapo. Pozimitsa thirani madzi, takasani, thiraninso, mpaka phulusa lizizire loti n'kuligwira ndi dzanja. Botolo la madzi ndi sefa mugone nazo m'chikwama chogonamo. Ndinasiyapo botolo panja mu October, m'mawa ndinapeza mwala, ndipo sefa ikaundana imang'aluka m'kati osaonekera.

Usiku woyamba ndi wovuta, ndisakunamizeni. Khutu lozolowera phokoso limayamba kupeka lokha: tsamba likagwa mumati phazi, mtsinje mumamva ngati anthu akuyankhula chapatali. Maganizo onse amene munkawathawa ndi foni amabwera n'kukhala pakhomo pa tenti. Musalimbane nawo. Phikani tiyi, khalani panja mpaka kuzizira kukulowetseni. Tsiku lachiwiri zimasintha. Mumayamba kuona zimene dzulo munangodutsa: khungwa la juniper logawikagawika ngati chikopa cha ng'ona, zipilala za miyala yofiirira zoima pamwamba pa mtsinje, mapaini aatali a ponderosa amene mukaika mphuno m'ming'alu ya khungwa lawo padzuwa amanunkhira ngati keke ya vanila.

Mukasokera

Zidzachitika pang'ono, chifukwa mumtsinje njira imatha pa gombe lino n'kukayambira penapake tsidya linalo, ndipo chigumula chilichonse chimaisuntha. Fufuzani timilu ta miyala tosanjikiza kapena zipsera zakale za nkhwangwa pamitengo. Mukayenda mphindi khumi osaona chizindikiro, bwererani pomwe munachiona komaliza. Mumtsinje simungasokere kwenikweni, madzi amakuuzani kumunsi. Pamtunda ndi pomwe pali ngozi. Mukazindikira kuti simukudziwa komwe muli, khalani pansi, imwani madzi, tulutsani mapu. Kukayamba kuda musayendenso. Valani zonse, gonani pomwepo. Kuliza wezulo katatu ndi chizindikiro chopempha thandizo.

Potuluka

Mukafika pa galimoto imwani madzi aja munasiya, vulani nsapato zonyowa, dzifufuzeni nkhupakupa. Netiweki ikangobwerera cha ku Pinos Altos, imani pambali n'kuimbira munthu wa pepala uja musanatsegule WhatsApp, asanadzutse apolisi.

Ngati mwatsala ndi usiku umodzi, tsatani US 180 kuchoka ku Silver City kulowera kumpoto chakumadzulo, kudutsa Glenwood ndi Alma, mpaka pa Cosmic Campground. Mu 2016 malowa anavomerezedwa kukhala amodzi mwa malo otetezedwa chifukwa cha mdima wake, ndipo magetsi apafupi ali kutali makilomita ambiri. Fikani kukadali kowala kuti nyali za galimoto zisasokoneze ena, phimbani tochi ndi kapulasitiki kofiira, ndipo mupatse maso mphindi 20 kuti azolowere. Sankhani masiku amene mwezi uli mumdima. Mtanda wa nyenyezi zinayi umene timauona kummwera tili kwathu simuupeza kuno. M'malo mwake tembenukirani kumpoto, kwezani mkono, muyeze zibakera zitatu kuchoka pomwe thambo lakumana ndi mapiri: pamenepo pali Polaris, nyenyezi yosasuntha usiku wonse, imene ku Lilongwe siioneka.